Nkhope si Chidendene

Lolemba, 15 Epulo

Nsalu ya pilo wa Nouhaila yathimbirira ngati wina wapukutira mbale ya msuzi. Ndaichapa kawiri, osayera. Nditavundukula matiresi ndapeza chifukwa chake. Kachikwama kapinki. M'katimo timabotolo, timachubu, maburashi asanu, lipisitiki wamitundu itatu. Mwana wa zaka khumi ndi zinayi! Kodi podzitsekera kuchipinda madzulo amakhala akudziphoda, kutsanzira atsikana a pafoni, n'kugona nazo kumaso. Ine mbandakucha ndimakhala ndapita kuntchito, ndikanaona bwanji?

Watumiza ndi Siham, mkazi watsopano wa bambo ake. Ndani winanso? Ali ndi saluni ku Agadir, zikhadabo ngati za nkhwazi, ndinaona pachithunzi.

Ndikulemba m'masamba otsala a kope la Nouhaila la masamu la chaka chatha. Sukulu ndinalekera kalasi yachitatu, zina zonse ndinadziphunzitsa ndekha. Zilembo zokhota, koma mawu anga ndi owongoka.

Zaka zisanu ndi chimodzi chimwalirireni mng'ono wanga Saadia. Zaka zomwezo mwana wakeyu ali pakhomo panga muno mu Taroudant. Ndinamulandira ali ndi nsabwe, mano akutsogolo atagweluka. Lero watalika kundiposa. Ziphuphu pachipumi ndi pachibwano, galasi la pakhoma amaliyang'ana ngati lamutukwana.

Madzulo a Lahcen, bambo akewo, anaimba foni. Ukwati wa mwana wa mlongo wawo uli pa 4 Meyi, konkuno, abwera ndi Siham. Kenako mawu aja ofewa ngati batala: "Alamu, mwana wakula. Ukatha ukwati asankhe yekha, kukhala kwa inu kapena kubwera kwathu kuno. Sukulu yabwino, chipinda chakechake." Ndinati, "Pamene anali ndi nsabwe chipindacho chinali kuti?" Anati foni ikuduladula.

Akufuna kundilanda mwana. Ayambira kumaso.

Lachitatu, 17 Epulo

Takangana. M'mawa ndinachedwa dala. Kachikwama kaja ndinakaika patebulo, pakati pa buledi ndi mafuta a azitona. Nouhaila anatsamwa ndi tiyi.

Ine kuzungulira sindidziwa. Ndinamuuza kuti munthu akadzimata zimenezi amaoneka ngati khoma lopakidwa laimu mvula ikugwa, ndipo ziphuphu zimaonekerabe ngati nyemba pansi pa nsalu.

Anati, "Khalti, inu mumadziwa chiyani za nkhope? Mumangodziwa kukwecha misana ya anthu." Dzina loti Khalti, kutanthauza mayi wamkulu, limene wakhala akundiitanira chiyambire kulankhula, lero linatuluka ngati mwala.

Kukwecha misana! Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndili ku hamamu, nyumba yosambiramo anthu, m'nthunzi kuyambira m'mawa, kusambitsa akazi a mzinda uno. Akwati, ongobereka kumene, nkhalamba zosatha kuwerama. Palibe litsiro limene linandikanika. Ndikavala kisi kudzanja, kansalu kanga kokhakhala kaja, munthu amatuluka khungu lili ngati la khanda. Ziphuphu n'chiyani? Litsiro lotsekeredwa basi. Siham amabisa, ine ndichotseratu. Tione amene mwana amuthokoze.

Mawa apita nane ku hamamu.

Buledi wasiya theka. Akakwiya maso akewo Saadia yemwe, mpaka kumavuta kupitiriza kukalipa.

Lachinayi, 18 Epulo

Zatheka. Ndinamutenga atangobwera kusukulu. Chipinda chotentha kwambiri chija, sopo wakuda thupi lonse, kudikira thukuta. Msana, mikono, miyendo, litsiro kuyoyoka ngati tizingwe. Anayamba n'kuseka nditamutekenya kuphazi, monga kale. Kenako ndinamugwira chibwano n'kukwecha nkhope. Chipumi, masaya, chibwano. Zazikulu ziwiri ndinazifinya ndi zala. Anakuwa, "Khalti, zikuwawa!" Ndinati zikawawa ndiye kuti zikuchoka.

Mbarka, mnzanga wa pantchito, anaima ndi ndowa m'manja. "Zhor, wapenga? Nkhope si chidendene!" Ndinamuuza asamale ndowa zake. Mano atsala anayi koma pakamwa sipatsekeka.

Kunyumba ndinamupaka madzi a ndimu ndi thonje, monga ankatichitira amayi. Analumpha ngati waponda khala. Nkhope yafiira ngati phwetekere, koma yasalala. Aona mawa.

Siham ndi timabotolo take!

Loweruka, 20 Epulo

Ndachita chiyani ine.

Nkhope yatupa. Masaya asupuka, pakutuluka madzi. Pamene panali ziphuphu pali zilonda, zina zatsopano zatulukira m'mbali. Dzulo kusukulu sanapite. Leronso ayi, kuno Loweruka amaphunzira. Kusikusi wa Lachisanu ndinadya ndekha, mbale yaikulu yonse ija, mphaka akundiyang'ana ngati nayenso wamva.

Galasi walitembenuzira kukhoma.

Sakulankhula. Akanatukwana bwenzi ndikuyankha, ndewu ndimaidziwa. Chete ameneyu sindikudziwa pomugwira. Ndinatambasula dzanja kuti ndimve ngati thupi latentha, anabweza mutu. Kubweza mutu! Mwana amene ankagona pamiyendo panga ndikumuphera nsabwe, n'kumapempha kuti ndisasiye ngakhale zitatha.

Masana ndinamumva pafoni kuseri kwa chitseko. "Ayi, Lalla Siham, chithunzi sindingatumize." Kenako kulira. Kenako, "Chipinda chija chili ndi zenera?"

Ndamukankhira ndekha kumeneko. Ndi dzanja langa lamanja.

Lolemba, 22 Epulo

Ndinapita ku sitolo ya mankhwala pafupi ndi chipata cha msika. Touria amagwira ntchito pamenepo, mtsikana amene ndimamukwecha Lamulungu lililonse, wa msana woonda uja. Ine amene sindinama, ndinanama. Ndinati pali mwana wa neba amene nkhope yake yasupuka. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Neba wanuyo nayenso ali ndi kisi, Khalti Zhor?"

Anakana kupereka kanthu asanaone. Atatseka masana anabwera nane kunyumba. Iye Nouhaila anamutsegulira. Ine ndinaima pakhomo ngati wogulitsa makala.

Akuti zipola, bola zisiyidwe. Zikachita mafinya kapena thupi likatentha, kwa dokotala tsiku lomwelo. Kenako anatembenukira kwa ine, kamtsikana kamene ndinakaona kakukwawa. "Ziphuphu si litsiro. Ndi thupi likukula, mafuta achuluka pakhungu. Mukalikwecha khungu limakwiya, n'kutulutsa zina zochuluka." Khungu lokwiya. Chimenecho ndinachimva msanga, kukwiya ndimakudziwa mmene kumayendera.

Ndikulemba kuti ndisaiwale. Kusukusula kawiri kokha, m'mawa ndi madzulo, madzi ofunda osati otentha, ndi sopo wamadzi wofatsa amene watipatsa. Ndi nsonga za zala. Anabwereza katatu akundiyang'ana, ngati ndine wogontha. Popukuta kungogundagunda ndi kansalu kake kayekha. Kenako mafuta opepuka, ndipo m'mawa aja oteteza kudzuwa, apo ayi zilondazi zisiya mabala akuda. Kufinya ayi. Zophoda ayi mpaka zitapola, ndipo zikadzapola osagona nazo ngakhale atatopa chotani. Nsalu ya pilo kusintha pafupipafupi. Ndinafunsa za ndimu. Anati, "Wa pansomba, Khalti."

Pomuperekeza ndinafunsanso za wanja, utoto wakuda wa m'maso uja. Kabotolo kasiliva ka Saadia ndinakasunga m'bokosi kuti mwana akadzakula adzapake m'maso monga mayi ake. Touria akuti kabotolo ndisunge, koma wanja wa mwala wogula pamsika wina amakhala ndi mtovu, sayenera m'maso mwa mwana. Anandipatsa pensulo yake yakuda. Pensulo! Chilichonse chimene ndimadziwa chasanduka poizoni sabata ino.

Lachitatu, 24 Epulo

Mbarka, tikukolopa chipinda chapakati: "Wapepesa?" Ndinati ndamubweretsera mankhwala. "Sindinafunse zimenezo." Ndinati ndamuphikira supu wa harira ngakhale mwezi wosala unatha. Anaika chokolopera pansi. "Iwe umadzitama kuti aliyense umamuuza chilungamo pamaso. Mkazi wa mwini hotelo unamuuza kuti khosi lake silinaone madzi chikwatiwireni. Chako chokha ndiye chakukakamira pakhosi?"

Nkhalamba yoipa. Ndinatsala pang'ono kuithira ndowa.

Madzulo ndinagogoda pachitseko chake, chinthu chimene sindinachitepo m'nyumba yangayanga. Anatuluka atadziphimba ndi mpango mpaka pamphuno. Tinakhala patebulo, supu pakati. Ndinanena msanga ndisanasinthe maganizo. "Ndalakwa. Za nkhope sindidziwa, unanena zoona. Ndakuvulaza chifukwa ndimafuna kupambana Siham."

Anazunguza sipuni m'mbale. Kenako, "Ndinakuuzani kuti zikuwawa."

Ndinati unandiuza.

"Simunasiye."

Ine Zhor. Anthu anandinenapo zambiri pamoyo uno, koma mawu amenewa alowa mpaka m'mafupa.

Anatsitsa mpango n'kuyamba kudya. Pakati pa mbale anati, "Patseni ndimu." Ndinamuyang'ana. "Wa mu supu, Khalti." Sanaseke. Koma pakona pa mlomo panagwedera, ndinaona.

Mbale ziwiri anamaliza.

Loweruka, 27 Epulo

Wabwerera kusukulu Lachinayi, mpango atautsitsira pachipumi. Mtsikana wina wa m'kalasi mwake wamufunsa ngati anagwera mu uvuni ya buledi. Ndinavala kale nsapato kuti ndikaone mayi ake, ndimamudziwa, ali ndi zidendene zong'aluka ngati munda wa chilala. Nouhaila anaima pakhomo. "Mukapita kumeneko, ine ku Agadir mawa lomwe." Ndinavula nsapato.

Nkhanambo zayamba kugwa zokha. Pansi pake pofiirira, posalala. Zala zanga zimayabwa kuti ndizithandize. Ndimaziika m'thumba la epuloni.

Madzulo aliwonse tili pabeseni. Iye kusukusula pang'onopang'ono, zala zikuzungulira ngati akusisita mwana wa mphaka. Ine ntchito yanga kugwira kansalu basi. Kukhudza sindiloledwa, ndipo sindinapemphe. Dzulo anandilamula kuti nanenso ndisukusule. Ndinatero monga mwa nthawi zonse, madzi khwaa, kupukuta ndi mphamvu. Anagwira kumutu. "Mukutsuka poto kodi?"

Kenako anatenga dzanja langa n'kulitembenuza. "Manja anuwa ndi kisi kale, simufunikanso kuvala." Anafinyira mafuta ake pachikhatho changa, amene Touria anati tisawononge, n'kuyamba kusisita chala chimodzichimodzi. Zala zong'aluka ndi madzi otentha a zaka zonsezi. Palibe amene anandisisitapo manja chibadwire. Ndinayang'ana kudenga, ndinati sopo wandilowa m'maso.

Maburashi a Siham tawachapa onse. Madzi ake ngati a m'ngalande. Tawayanika padenga pafupi ndi tsabola, akulendewera ngati michira ya mbewa. Neba wafunsa ngati tayamba kupenta nyumba.

Za Agadir sanatchulenso. Inenso ayi. Koma zili nafe patebulo ngati mlendo wachitatu.

Lachiwiri, 30 Epulo

Pa ukwati mtsikana aliyense amapaka wanja. Wina adzayenera kumupaka. Sindikufuna akhale Siham.

Ndiye ndikuphunzira. Pa Mbarka, nthawi yopuma, kuseri kwa mulu wa matawulo. Kale wanja tinkapaka ndi kamtengo, kulowetsa pakati pa zikope, kutsinzina, kukoka kamodzi, kwatha. Pensuloyi ili ndi khalidwe lina. Ulendo woyamba ndinakoka mzere umodzi wautali, unakathera pafupi ndi khutu. Mbarka anadziyang'ana pakagalasi. "Amuna anga akanakhala moyo anthu akanati andimenya." Wachiwiri ndinamuboola diso. Anatukwana makolo anga mpaka agogo a agogo.

Koma sanachoke. Anapukuta misozi n'kukwezanso chibwano. "Gwira ngati ukuchotsa kachitsotso m'diso la khanda, chitsiru iwe. Kachala kakang'onoko kagoneke patsaya, dzanja lisamayandame." Zoona. Kachala kakagona patsaya dzanja limakhazikika. Ndipo osati mzere umodzi, timizere tating'ono motsatira nsidze za m'munsi mwa chikope, kulumikiza pang'onopang'ono. Ndazipeza ndekha zimenezo, monga ndinapezera zilembo.

Ulendo wachisanu Mbarka sanafune kuchoka pagalasi. Zaka makumi asanu ndi limodzi, mano anayi, maso ngati mkwati. Anakana kupukuta. Wapita nawo kwawo, akugwedeza chiuno pamsewu.

Nouhaila sindinamuuze. Ndingamupemphe bwanji kuti dzanja ili libwererenso pankhope pake, pensulo yosongoka ili pafupi ndi diso?

Lero pa chakudya anafunsa, "Khalti, ku Agadir nyanja imamveka uli m'chipinda?" Ndinati kumanunkha nsomba. Si bodza. Koma sindinagone bwino nalo yankho limenelo.

Lachinayi, 2 Meyi

Tsiku losambitsa mkwati. Akazi a banja la a Lahcen anadzaza hamamu yonse, makandulo, nthungululu, zipatso za madeti ndi mkaka pakhomo. Mkwati anamutenga Mbarka. Ine anandipatsa alendo ochokera kutali. Wachitatu kugona patsogolo panga, Siham.

Kisi ili kudzanja. Msana wake uli apa. Mulungu akudziwa zimene ndinaganiza.

Koma m'nthunzi palibe amene amabisa nkhope. Zophoda zonse zitasungunuka, ndinaona masaya ake. Mabala akuda mbali zonse ziwiri, khungu lopyapyala mpaka timitsempha kuonekera. Anaona kuti ndaona. Sanatembenuke. "Mafuta oyeretsa khungu, Lalla Zhor. Ndinayamba ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, panalibe wondiletsa." Kenako, "Chikwama chija ndinalakwitsa. Zinthu za akuluakulu, mtundu wake wosagwirizana n'komwe ndi khungu lake. Ndimangofuna andikonde."

Ndinati nanenso ndinamusupula nkhope pa chifukwa chomwecho. Anati wamva. Tinayang'anana, akazi awiri amaliseche theka, zitsiru ziwiri.

Ndikumutsuka mkono anati, "Ine sindinabereke. Chipinda chija chakhala chopanda munthu zaka zinayi. Makatani ndasintha kawiri."

Ndinati tembenukani. Msana ndinaukwecha bwino, monga ndimachitira wina aliyense, osaonjeza osachepetsa. Nkhope sindinakhudze.

Ndimafuna akhale mfiti. Zikanaphweka.

Lachisanu, 3 Meyi

Padenga, tikuanula zovala. Nouhaila mbali ina ya nsalu yofunda, ine mbali ina. Ndinati ndili ndi mawu, usandidule.

Ndinamuuza kuti sukulu ya ku Agadir ndi yabwino kuposa ya kuno. Kuti nyanja imamveka ndithu, nsomba zimanunkha kudoko kokha. Kuti Siham si munthu woipa. Kuti bambo ake ndi aulesi, amathawa nkhani zovuta, koma amamukonda. Kenako ndinati, "Ine ndikufuna ukhale. Ukapita nyumba ino idzandiluma. Koma usakhale chifukwa chondimvera chisoni, chisoni ndimadana nacho kuposa nsikidzi. Zonse ndanenazi ndi zoona. Usankhe ukuzidziwa."

Anati, "Mwatha?" Ndinati ndatha. Anabwera ndi nsonga zake za nsalu, kulumikiza ndi zanga, kupinda, kutsika nayo.

Basi. Mwana wa Saadia. Mayi ake ankachitanso chimodzimodzi, kukusiya ukuwira wekha ngati ketulo.

Nkhope yapola. Patsala mabala atatu ofiirira, awiri patsaya lamanzere, limodzi pachibwano. Ndimawadziwa ngati ana anga. Ndinawabereka ndine.

Loweruka, 4 Meyi

Ndikulemba tisananyamuke, akazi akuvala kuchipinda.

Siham anabwera masana ndi bokosi lake la ntchito. Ndinamupatsa mpando pafupi ndi zenera, ine ndinakhala pakona ndi tiyi, kukonzekera kupeza zolakwa. Sindinapeze. Anayamba wamusukusulitsa Nouhaila, mafuta opepuka aja, kudikira alowe. Zobisira mabala anayesa mitundu itatu m'mphepete mwa nsagwada mpaka wina unasowa pakhungu, ndi umenewo anasankha. Kadontho pabala lililonse, kugunda ndi nsonga ya chala, basi. Nkhope yonse anaisiya mmene ilili. Nouhaila anati aonjezere pachipumi. Siham anati, "Tikubisa mabala, mwana wanga, sitikubisa iwe." Pamilomo kofiira pang'ono, ndi chalanso.

Kenako anatenga pensulo ya wanja. Ine ndinayang'ana m'kapu.

Nouhaila anati, "Maso andipake Khalti." Ndinaganiza kuti makutu andinamiza. "Ndi iwo anapaka amayi tsiku la ukwati wawo. Komanso Mbarka wandiuza kuti mwamuboola kale diso, ndiye mwaphunzira."

Nkhalamba ya pakamwa pobooka ija!

Siham anandipatsa pensulo, anasuntha. Ndinapukuta manja paepuloni katatu. Nouhaila analowa kuchipinda, anabwera ndi kabotolo kasiliva ka mayi ake, kopanda kanthu m'kati, n'kukaika pazenera kuti kazingoona. Anakhala pansi. Anakweza chibwano. Chibwano chomwe chija ndinachigwira ku hamamu.

Ndinati, "Zikawawa unene."

"Ndinena. Inu musiya?"

"Ndisiya."

Anatsinzina.

Kachala patsaya. Timizere tating'ono. Mpweya ndinaugwira mpaka mutu unayamba kuzungulira. Chikope chake chikunjenjemera pansi pa pensulo ngati phiko la gulugufe, koma mutu sanabweze. Ngakhale pang'ono. Diso lamanzere latuluka lonenepa kuposa linzake. Ndinafuna kukonza, Siham anandigwira mkono, akuti pokonzakonza ndi pamene munthu amaonongera.

Atatsegula maso ndinaona Saadia wa tsiku lija, atavala zobiriwira, akundiuza kuti ndisalire ndimuonongera wanja. Ndinathawira kukhitchini. Ndinati mkaka ukusefukira. Pamoto panalibe mkaka.

Galasi walitembenuza yekha.

Atabwera a Lahcen kudzatitenga anaima pakhomo, pakamwa yasa, akuyang'ana mwana wawo. Mawa m'mawa akubwerera ku Agadir. Mpando wa kumbuyo m'galimoto ndaona mulibe katundu.

Lamulungu, 5 Meyi

Anafika cha m'ma teni kudzatsanzika. Tiyi, buledi, uchi. A Lahcen anatsokomola kawiri, kenako, "Ndiye mwana wanga, waganiza bwanji?" Nouhaila anadzuka, kulowa kuchipinda. Tinamva zipi. Anatuluka chikwama cha kusukulu chili paphewa, chotupa.

Tiyi ndinathira pambali pa kapu. Ndinadziuza kuti Zhor, usalire pamaso pa mwamuna ameneyu, unanena wekha kuti asankhe.

Anaika chikwama patebulo, kutsegula, kutulutsa kachikwama kapinki kaja, maburashi, timabotolo tonse. Anakankhira kwa Siham. Anangosunga zitatu: kobisira mabala kadzulo, kofiira ka pamilomo, ndi pensulo. "Zinazi mundisungire, Lalla Siham. Ndidzabwera sukulu ikatsekera, miyezi iwiri yonse. Zenera lija musapatse wina."

Kenako kwa bambo ake. "Baba, chaka chino ayi. Khalti ndikawasiya okha asupula nkhope mzinda wonse."

A Lahcen anaseka, koma ndi pakamwa pokha. Siham anagwetsa misozi, yakuda, wanja wake wa saluni yemweyo. Ndinamupatsa kansalu, ndinamuuza kuti agundegunde, asakweche. Ponyamuka ndinamuikira m'chikwama sopo wakuda wabwino uja, amene sindipatsa munthu wamba. Wa msana wokha, ndinatero. Anati akudziwa.

Chaka chino ayi. Ndamva bwino, sanati mpaka kale. Chaka chamawa adzafunsidwanso, ndipo mwina adzayankha zina. Nkhani ya chaka chamawa imeneyo. Lero nsapato zake zili pakhomo, imodzi chagada monga mwa masiku onse, ndapunthwa nayo, ndipo sindinakalipe.

Dzulo pobwera ku ukwati, miyendo ikukana, anasukusula kaye asanagone. Nsalu ya pilo yoyera mbee. Ndayang'ana.

Akundiitana kubeseni. Akuti katuluka kena pamphuno, kakakulu, kamutu woyera. Akuti ndibwere ndidzaone, koma manja ndiike kumbuyo.